Mpata wa Pakati

Ku Peterhead mvula imabwera chopingasa,
yamchere, yofunafuna ming'alu.
N'chifukwa chake kuno makoma timamanga awiri:
lakunja lonyowa, lam'kati louma,
pakati mpata wongolowa chikhatho.

Alasdair Buchan, zala zong'ambika ndi simenti,
anandipatsira kachitsulo kopota pakati.
"Isla, awiriwa amagwirana ndi aka.
Kagoneke m'matope akadali ofewa,
osati kukasomeka mawa.
Kapendekere kunja pang'ono chabe,
dontho likafika pamfundopo, ligwe."

Mizere isanu ndi umodzi ya njerwa, kenanso.
M'mbali mwa zenera, thithikiza.
Ndinawerenga mpaka milomo kuuma ndi mphepo.

Masana, tikumwa tiyi m'galimoto,
analoza nyumba kutsidya kwa msewu,
khoma lake litatupa ngati chithupsa.
Dzimbiri linadya tizitsulo take mwakachetechete
eni ake ali m'tulo.
"Ndinamanga ndine," anatero,
"ndili ndi zaka ngati zakozi."

Titabwerera pamakwerero anatola kathabwa,
n'kusuzumira mumpata muja,
n'kupala matope amene ndinagwetsera
pa kachitsulo kachitatu,
osandiyang'ana n'komwe.