Nyumba ya M'buku

Mphepo ya usiku ku Bangula siziziritsa munthu.
Ndagona pakhonde, neti yang'ambika pakona,
tochi ya foni ili pa tsamba la makumi anayi:
chitseko chatseguka chokha,
wina akuyenda kudenga ndi mapazi onyowa.

Mlongo wanga Zuze akuti ndine wopepera.
"Wagula mantha ndi ndalama ya thonje?
Mantha aulere adzaza dambo lonseli."

Sindimuyankha. Iye sadziwa
kuti nyumba ya m'bukuyi ili ndi ulemu.
Imayamba yalira m'mafelemu,
kenako galasi lichita nthunzi,
mzukwa ugogoda katatu, nudikira kuti ndivomere.

Madzi a Ruo sadagogode.
Adalowa ku Makhanga tili m'tulo,
nanyamula mphasa, mbuzi, chithunzi cha ukwati wa amayi.
Kutacha, nyumba yathu inali mulu wa matope
woti ng'ona iwotherepo dzuwa.

Tsono ndisiyeni ndiziwerenga
za makoma opuma ngati munthu koma osagwa,
za chipinda chokhoma chimene akufa akukana kusamukamo.
Ine ndimawasirira akufawo:
zaka zana, akadali ndi pokhala.

Udzudzu ukuimba. Batire latsala pang'ono.
Mtima ukugunda ngati munsi mumtondo wa mapira,
komatu amakoma mantha okhala ndi chikuto,
oti ndingawapinde pakona
n'kuwatsamira mpaka mbandakucha,

ngakhale usiku uno, ndisaname,
sindipita ndekha kuseri kukataya madzi.