Sabata M'zitini za Majarini

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi
anzanga amagona, ine ndimasenda anyezi.
Misozi yomwe ndikanalira Lachitatu
ndimaliriratu lero,
wailesi ikubwebweta za mpira pawindo.

Nyemba za ku Wakawaka zagona m'madzi usiku wonse,
zafufuma, zakonzeka.
Mbaula ziwiri zikupuma moto pakhonde.
Matimati ndagula mulu wa madzulo, wotsika mtengo,
ofewa mbali imodzi, koma m'poto ndani adziwe?
Nkhuku ndaidula panayi, ndaiuza kuti:
iwe si wa lero, usandiyang'ane choncho.

Tawina akusinja nsinjiro monyinyirika.
Lonjezo wagwira cholembera ndi tepi,
ndiye mlembi wa boma lathu lino:
Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu,
pa chitini chilichonse cha majarini dzina la tsiku,
Lachinayi walilemba mopendama,
Lachisanu walijambulira nsomba ya mano.

Pakuti ine ndimatseka famase hafu sikisi,
minibasi nkuima pa Mchesi ngati yaiwala kwawo,
kondakitala akuitanabe anthu pomwe tadzaza kale.
Ndikafika ku Eriya 36 kwada bii,
miyendo ili ya munthu wina.
Bambo awo ali ku Beira ndi thanki ya mafuta,
amaimba foni kufunsa ngati ana adya.
Adya, ndimatero, ndipo sindinama:
Tawina amangotsegula firiji, natenga tsiku, nalitenthetsa.

Koma sabata ija thiransifoma inaphulika Lachiwiri usiku.
Phuu! Agalu onse a m'dera anayankha.
M'mawa firiji ili chete ngati yakwiya.
Lachitatu masana foni ikulira m'thumba la yunifolomu:
Amayi, Lachisanu likutuluka madzi.
Lachinayi nalo lafewa.

Ndinaima pakati pa mashelefu a panado
ndikuwerengera makala, mafuta, Lamulungu langa lonse,
msana wanga wonse uli m'zitini zisanu
zikusungunukira pamodzi.
Tenthetsa zonse, ndinatero. Itana anthu.

Ndinapeza sabata yanga ili pamkeka.
A Nangozo a kuseri akunyambita chala cha Lachinayi,
mnyamata wa kabaza wagwira ntchafu ya Lachisanu,
alonda a pa giledi ya a Chikhosi abwera ndi mbale yawoyawo,
kandulo imodzi, pakamwa khumi ndi pawiri.
Lonjezo akulengeza ngati wa pa wailesi:
tadya mawa, tadya mkuja!
Ndinaseka. Kenaka ndinalowa kubafa
nkukhala pa chidebe kanthawi, osayatsa tochi.

Lachinayi lenileni linafika lopanda chitini.
Ndikutsika minibasi ndi mazira atatu m'pepala,
ndinapeza mbale yovundikira pakhomo:
mfutso wa khwanya wotendera,
wofutsidwa mwezi wa Malichi, mvula ikutsazika,
pa denga la a Nangozo.
Anati firiji yawo ili kumwamba,
siidya mayunitsi, siidziwa thiransifoma.
Ananenanso kuti nyemba zanga zinachepa mchere.

Magetsi anabwera Loweruka, tili m'tulo,
mababu onse nkuyaka ngati atigwira tikuba.

Lero ndi Lamulungu. Ndikusendanso anyezi.
Zitini zatsukidwa, zayadzamira pa thandala,
tepi yatsopano, mlembi wanola pensulo.
Koma pamwamba pa malata pali nkhwani wowiritsa
woyanikidwa pa thumba la feteleza lotumbula,
miyala inayi m'makona,
ndipo Tawina wakhala pa makwerero ndi kamtengo
akuingitsa nkhuku za eni ake,
akufunsa kuti chimenechi tilembapo tsiku lanji.