Ovolosi ya Malizani

Ndachapa ovolosi yako, Malizani.
Pa waya kuno ku Chawama
dzuwa likusuzumira m'mabowo asanu ndi awiri,
ndipo si mbewa.
Unati ndi timadontho chabe,
paipi inalavula pothira asidi ku migodi.

Usiku unaimba uli pa Chirundu,
tsiku lachitatu pamzere,
mathanki makumi anayi atanunkhizana kumbuyo
kudikira chidindo cha munthu amene wapita kukadya.
Kuseri kwa mawu ako ndinamva
mayi akutsatsa nthochi,
mwana akuseka kunsi kwa thanki lako
poti mthunzi ulipo ndi womwewo,
wina akukupizira mbaula pafupi ndi galimoto ya petulo.

Ndinafunsa za valavu ija.
Unati waimanga ndi mphira.
Abwana ku Makeni akuti ipirire ulendo uno wokha.
Chaka chatha ananenanso choncho.

Mlathowo sindinauonepo.
Ndimangoudziwa m'kamwa mwako:
akuti umanjenjemera ukamawoloka,
pansi pake Zambezi, asodzi, amayi ndi zidebe,
mvuu zosadziwa kuwerenga zikwangwani.

Tilabilenji wabwera ndi pepala kuchokera kusukulu:
chigaza, mafupa awiri opingasa.
Aphunzitsi anati jambulani ntchito ya atate anu.
Amuchonga ndi cholembera chofiira,
iye akudumphadumpha.
Ndalipinda, ndaliika pansi pa pilo.

Magetsi athimanso.
Foni yatsala ndi kamoto kochepa.
Ukafika tsidya linalo ungoliza kamodzi, ndidziwa.
Usawononge mayunitsi.