Gawo Lachiwiri

M'kontena ya Che Likonde, kuseri kwa msika wa Ndirande,
pomwe fungo la utuchi limakumana ndi la chiwaya,
tinkasonkherana ndalama ya ola limodzi,
ine ndi Malizani, mkulu wanga.
Kanema mmodzi, chogwirira chimodzi
chomangidwa ndi mphira ngati mwendo wothyoka.

Nkhondo ya m'geimu ija inali ndi ulemu.
Ankhondo anayi kundanda kumanja,
chinjoka cha mitu itatu kumanzere, chikupuma,
chikudikira.
Tangoganizani, chilombo chodziwa kudikira!
Unkatha kukanda m'mutu, kukataya madzi kuseri,
pobwera n'kuchipeza pomwepo,
moto uli m'kamwa, osaulavula
mpaka iwe utasankha:
menya, tchinga, imwa mankhwala, kapena thawa.

Malizani ankatenga wa lupanga lalitali.
Ine ankandisiyira kamtsikana ka ndodo yoyera,
kosadziwa kubaya,
kongodziwa kudzutsa amene agwa.
"Iwe usawononge mphamvu," ankatero,
"ndikafiira, undiwaze."
Ndikamuwaza, manambala obiriwira ankatumphuka pamutu pake
ngati ziwala zodzidzimutsidwa m'udzu.

Chinjokacho sitinachiphe.
Katatu konse magetsi anathima
chitatsala ndi kadontho ka moyo,
Che Likonde n'kumaseka mumdima:
"Ndalama sibwerera, anyamata."

Lero m'kontena muja akugulitsamo simenti.

Gawo lachiwiri ndalipeza ku Limbe,
m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsalu.
Wandikokerako ndi Tayamika, mwana wa Malizani,
wa zala zake zomwe, wa chipumi chake chomwe.
Chinjoka n'chomwecho, koma achiveka mamba owala
ndipo ulemu achichotsa.
Kulibenso mzere.
Chikubwera ngati minibasi yolimbirana munthu pa siteji,
ukati usankhe chakumenya kale,
ukati udzuke mchira wakupeza.
"Gubudukani, bambo aang'ono! Gubudukani!
Musatchinge, mpweya ukutherani!"
Chala changa chachikulu, cholimba ndi ntchito ya njerwa,
chikufika pa batani maliro atachitika.

Ndafa kasanu ndisanamalize Fanta.

Ndafunsa: nanga anzake atatu aja ali kuti?
Akuti m'gawo lino umayenda wekha,
mankhwala umamwa chothamanga,
ukaima kuti umeze bwino, wapita.
Nanga kamtsikana ka ndodo yoyera?
Wandionetsa. Kali m'mudzi wa m'geimumo,
kakalamba, kakhala kuseri kwa kauntala,
kakugulitsa moyo m'mabotolo,
limodzi golide makumi asanu.

Sindinamuuze mwanayu za benchi ya ku Gulupu,
mwezi wa Juni uja, chiperoni chikulowa m'mafupa,
ife tili pamzere, kabuku ka chipatala m'manja,
tikudikira nthawi yathu monga tinaphunzirira,
pomwe chinthu chija m'chifuwa mwa bambo ake
sichinkadikira munthu.
Anafiira ndikuona.
Ndinali ndi chiyani ine chomuwazira?
Jumbo ya nthochi, ndi bulangete.

Tayamika walanda chogwirira.
Sakuphethira. Akuvina ndi chilombocho,
akulowa kunsi kwa phiko, akutulukira kumsana,
mutu woyamba pansi, wachiwiri pansi,
lilime lili pakona pa mlomo
monga ankachitira mwini lupanga.
Magetsi ali nganganga, kunja jenereta ikulira.
Mutu wachitatu watsala ndi kadontho
komwe kaja,
komwe tinakasiya ku Ndirande.

Ndamugwira phewa.
Taima kaye, mwanawe, ndichione bwino,
ndakhala ndikuchifuna nthawi yaitali.
Kodi palibe batani loimitsa?

"Lilipo," wayankha, maso osachotsa pa kanema,
"koma nkhondo ikayamba siligwira."