Kachitsulo ka kwa Yotamu

Laputopu iyi ndinaigula ku Kalongwezi
tsiku lomwe bungwe lina linkatseka maofesi.
Mabatani awiri anathothoka ngati mano,
batire limagwira mphindi makumi awiri, likakondwa.
Ndinasesamo zakale zonse n'kulowetsamo Linakisi
ya pa fulashi ya Sinoya, mnzanga wa kukoleji.
Inadzuka yopepuka, yosatsokomola.
Koma pakona, pomwe pamakhala timizere tokhota tija,
panali zii.

Khadi ya m'kati ilipo, ikupuma,
kungoti sikumvana chilankhulo ndi mwini nyumba watsopanoyu.
Sinoya akuti, ikufuna dalaiva, kam'tenge pa intaneti.
Ndikuti, intaneti yake iti, poti khadiyo ndiye khomo?
Kiyi watsekeredwa m'nyumba,
ife tili pakhonde, kusuzumira pazenera.

Ndipo Esinati, mlongo wanga, akundiyang'ana.
Fomu yake ya sukulu ya unamwino
ikufunika itapita Lolemba lisanafike.

Loweruka ndinakwera njinga ya hayala mpaka ku Down Shops.
Yotamu ali m'kagolosale kake konunkha mtovu wosungunuka,
galasi lokulitsira zinthu lili pamphumi.
Ndinaloza bokosi lowala, la tinyanga tiwiri ngati ta nkhono,
lolonjeza liwiro la mphenzi.
Iye anaseka.
"Bokosi ndi chitenje chabe, mphwanga.
Ndakhala ndikutsegula mabokosi awiri ofanana ndendende,
dzina limodzi, mtengo umodzi,
m'mimba mwake muli anthu osiyana.
Funsa chipi. Chipi sichinama."

Anakhuthula kachitini pakauntala.
Tizitsulo khumi ndi tiwiri, tina tothyoka zipewa.
Tinayamba kulowetsa kamodzikamodzi,
ine ndikulemba lsusb pawindo lakuda,
makina akutchula manambala ngati kalaliki wa kuchipatala.
Koyamba: akukaona, koma sakukapatsa moni.
Kachiwiri kanayaka, kanagwira, kenako n'kutaya,
ngati mnzako wa ngongole mukakumana pa Kapata.
Kachitatu kakufuna ndiyambe ndamanga dalaiva ndekha,
ndipo Yotamu akuti ndidzamanganso
nthawi iliyonse makina akasintha mtima wake.
Ayi, ine sindikufuna ukwati wotero.

Kachisanu ndi chiwiri kanali konyansa,
kokandikakandika, komangidwa ndi selotepu.
Atheros, anatero makina, mosachita chibwibwi.
Sindinakhudze kanthu.
Timizere tinangotulukira pakona, timodzitimodzi,
ngati nyemba zikamera.

"Sikathamanga kwambiri aka," anatero Yotamu,
"koma kamafika."
Tinakangana mtengo mpaka dzuwa litapendekera ku Kanjala.
Anandichotsera makwacha khumi
chifukwa ndinamusiyira Linakisi pa fulashi yake.

Usiku ku Mchini magetsi anali atapita.
Tinakhala pa sitepe, laputopu pamaondo,
mphindi makumi awiri zikudontha.
Mndandanda unabwera, mayina oyandama mumdima:
wina wa sitolo ya mankhwala,
wina wongolembedwa manambala,
wina akuti GulaBandoYako.
Zaka zonsezi mpweya wa pakhomo pathu unali wodzaza mawu,
ife osamva.

Esinati anayatsa hotisipoti pa foni yake yosweka galasi.
Pasiwedi ndi dzina la malemu bambo, ndi chaka chomwe anapita.
Ndinalakwitsa kawiri. Zala zinkanjenjemera, kaya ndi mphepo ya Juni.
Kachitatu kagudumu kanazungulira,
kanazungulira,
kanaima.

Satifiketi yake inakwera pang'onopang'ono
ngati njinga ya makala pa chitunda.
Makumi asanu ndi limodzi. Makumi asanu ndi atatu.
Batire lafiira.
Galu wa aneba akuuwa chinachake kumsewu.
Yapita.

Makina anazima okha, osatsanzika.
Esinati sanalankhule. Anazula kachitsulo kaja,
kakadali kofunda,
n'kukamanga pakona ya mpango wake
momwe amamangira ndalama ya chigayo.