Msika wa pansi pa pilo

Kale ndinkayamba n'kuthyola, kenako n'kudikira.
Mulu wa zinanazi pa Chitakale,
ntchentche pamwamba, ine pambali,
maso kumsewu mpaka khosi kuuma.
Zotsala ndinkazitaya kutada
kuti anzanga asawerenge.

Tsopano msika umalira pansi pa pilo.
Tambala asanaganize n'komwe,
mayi wina wa ku Kawale,
amene nkhope yake pafoni ndi duwa lofiira,
akufuna makumi atatu pofika Lachisanu.
Kuli chinkhoswe.

Chikwanje chimadikira uthenga masiku ano.
Ndimathyola poyeza mtunda:
za ku Limbe zachikasu, zonunkhira kale,
za ku Lilongwe zongoyamba kumwetulira,
za ku Mzuzu zobiriwira ngati tiyi wa pa esiteti,
zikapsere m'njira, pansi pa mpando wa basi.

Munda wanga ndi wochepa, foni sidziwa zimenezo.
Ndiye ndinapangana ndi a Namaona kutsidya kwa Ruo,
ndi Feniyasi wa njinga yopanda mabuleki
amene amatsetsereka nazo mame asanaume.
Makatoni a sopo ndimagula kwa Mukhito,
ndimawasunga mosamala kuposa zinanazi zimene.

Dalaivala mmodzi ndi mwendo umodzi.
Ndinaphunzira tsiku lomwe minibasi ya Sikelo
inathyoka chitsulo pa Nkando,
katundu wanga n'kugona padzuwa masiku awiri,
mayi wa duwa uja n'kunditumizira chithunzi
cha chinanazi chikulira madzi,
pansi pake mawu atatu: Bwezani ndalama zanga.
Lero m'foni muli manambala anayi.
Wina akazimitsa, ndimayimbira wina.

Chiperoni chikatsika m'phiri
netiweki imathawira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi.
Mundipeza pamenepo, chitenje kumutu,
dzanja m'mwamba ngati wolumbira kukhoti,
ndikufunsa kondakitala ngati wadutsa pa Zalewa.

Bambo anga amati malonda ndi maso:
munthu agwire, anunkhize, anenerere,
ukamuonjezera kamodzi ka basera abwerenso mawa.
Amafunsa, Kodi ogula akowa ali ndi mudzi?
Ndimawaonetsa uthenga woti ndalama zalowa.
Amautembenuza, kufuna kuona kumbuyo kwake.

Usiku ndimawerenga zimene zidakali m'munda,
zogulidwa kale zisanapse,
ndipo tulo timavuta pang'ono:
ngongole yanga ili pa phesi,
mvula ikuigwera.