Ovololo Yobiriwira

Lolemba limene anatigawa
fumbi la malasha pa Moatize
linkalowa mpaka m'mano.
Anati inu a m'galaja
simulinso ana a nyumba ino,
mwakwatiwa ku kampani ina ya ku Beira.
Geti ndi lomwelo. Sipanala ndi yomweyo.
Chasintha ndi ovololo,
inali yabuluu, lero yobiriwira.

Felizarda wa mu ofesi anandionetsa pepala
titapanikizana m'basi ya ku Matundo.
Amatenga matani onse a pamwezi
n'kugawa ndi mitu ya antchito.
Ife makumi anayi atatifafaniza m'kaundula
mutu uliwonse wotsala unatupa,
kuoneka ngati wasenza phiri wokha.
Mabwana anaomba m'manja.
Iye anapinda pepala lija kanayi:
"Malasha ake ndi omwewo, achimwene."

Ndisaname, zina zinawongoka.
Malipiro akuwerengedwa kutsidya kwa nyanja
ndi munthu amene sanalaweko dzuwa la Tete,
ndipo foni imalira pa tsiku lake,
osati zakale zija, kudikira siginecha
ya bwana amene ali kumaliro ku Ulongwe.
Matayala nawo akufika msanga.

Koma pampu ya m'dzenje itayamba kutsokomola
Gervásio anaimva asanalowe n'komwe.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
akugona ndi kulira kwake m'khutu.
Anati ndi bering'i iyo, ndipatseni ola limodzi.
Anamuyankha kuti pampu
siili mu kontalakiti yanu, lembani fomu.
Fomu inapita ku Maputo,
Maputo anafunsa ku Joni,
wa ku Joni anali pa tchuthi.

Masiku asanu ndi anayi madzi akukwera.
Magalimoto ali chilili
ngati ng'ombe zodikira dibi.
Gervásio pa chitini cha girisi
akusenda nzimbe ndi mpeni wodulira mawaya,
bering'i yatsopano ili pa shelefu
mikono itatu kumbuyo kwake.

Masiku amenewo musawafune pa pepala.
Felizarda akuti anawalemba
pa mzere wa mvula.

Dzulo kamwana kanga Telma
kakudzaza za kusukulu, pensulo m'kamwa,
kanafunsa: ababa, mumagwira kwa ndani?
Ndinayang'ana dzina losokedwa pachifuwa,
lilime linakana kulipinda.
Ndinati lemba kuti ku mgodi.
Kanati ndiye bwanji tsiku la phwando la mgodi
munaima kunja kwa waya
ndi a Gervásio?